Zikomo nonse, ndabwereranso kukwaya

Abale ndi alongo, Lamulungu lapitali ndinaimba m'kwaya koyamba chichitireni opaleshoni yochotsa chotupa kuseri kwa khutu. Mbali imodzi ya nkhope idakali yolemera ndipo mlomo sutsekeka bwino, koma mawu anatuluka.

Ndiyambe ndi mayi a kunyumba. Munkandimwetsa phala ndi kasupuni, n'kumapukuta lotayikira pachibwano osatopa. Zikomo mayi. Madokotala, anamwino ndi achimwene amene munathandiza pa ndalama ya thiransipoti, Mulungu akudalitseni.

Akwayamasitala athu, inu ndikuthokozeni mwapadera. Nditakuuzani kuti za kuimba ndasiya, simunakangane nane. Munangonditumizira pa WhatsApp nyimbo za Aksel Schiøtz ndi mbiri yake.

Bamboyu anali wa ku Denmark, wobadwira ku Roskilde mu 1906. Anayamba ndi uphunzitsi, ndipo pa siteji ya opera (masewero ochitidwa moimba) ku Copenhagen anafikapo mu 1939, akuimba tenala. Ajeremani atalanda dziko lake mu 1940, iye ankaimbira anthu akwawo nyimbo za chinenero chawo, ndipo ankamukonda kwambiri chifukwa cha zimenezo. Nkhondo itatha dzina lake linamveka kunja, moti mu 1946 anakaimba ku Glyndebourne ku England mu opera ya wopeka nyimbo Benjamin Britten. Ndiye matenda anamupeza: chotupa pa mtsempha wa khutu. Opaleshoni inamupulumutsa, koma mbali imodzi ya nkhope inafa. Tangoganizani, munthu wodyera pakamwa, ali ndi zaka 40 zokha!

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mawu ake akale aja sanabwerere. Anaphunzira kuimba mwatsopano, ndipo mu 1948 anaimanso pamaso pa anthu. Pambuyo pake ankaimba ndi mawu otsika, a baritoni. Kenako anaphunzitsa oimba ku America ndi ku Canada, n'kubwerera kwawo, komwe anamwalira mu 1975. Ine ndimamulemekeza kwambiri pa kuvomera mawu otsikawo, kuposa pa kutchuka kwake konse.

Inenso tenala yandikanika. Munandisamutsira ku besi mwakachetechete, osandimvera chisoni pagulu, ndipo anyamata a kumeneko anandisunthira malo pabenchi. Achinyamata inu, zikomo pondiyimbira pafupi ndi khutu labwinoli kuti ndisasochere.

Ngati alipo wina amene nkhope yake yachita ngati yangayi ndipo akuopa kutuluka m'nyumba, andilembere ku inbox ticheze. Ku pulakatisi Lachinayi ndibwera.