Zikomo nonse amene munagwira nafe ntchito m'miyezi ya njala

Chimanga chachiwisi chayamba kuoneka m'misewu, maungu afika m'misika ya Limbe ndi Ndirande, ndipo ife a komiti yothandiza okalamba, odwala ndi aulumali tatseka kaundula wa chakudya cha miyezi ya njala. Kuyambira mvula yoyamba mu Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi, khomo lililonse lolembedwa m'kaundulamo lalandira gawo lake. Tikuthokoza amayi a Mvano, a Dorika ndi a Chikatolika, abale athu akumzikiti, mafumu ndi nduna zawo, magulu a banki mkhonde, anyamata a kabaza, komanso ana akuno amene ali ku Johannesburg ndi ku London omwe amatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi. Ambiri mwa inu munapereka osaona kumene katunduyo wathera. N'chifukwa chake zikomo wathu tikumupereka limodzi ndi tsatanetsatane wa mmene thandizo lanu linayendera.

Makomo ambiri amene tikuwathandiza sanadzukebe chigwereni mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kenako ng'amba ya 2024 inapsereza minda ya achibale akumudzi amene ankatumizako kathumba. M'tauni muno njala siichita phokoso. Agogo amangosiya kusonkha moto masana, anansi n'kumayesa kuti adya kale.

Oyamba kuwathokoza ndi amene anachita kalembera, chifukwa ntchito yonse imaima kapena kugwa pamenepa. Mayina otchulidwa pamsonkhano amakhala a anthu amene ali ndi miyendo yofikira pamsonkhanopo ndi pakamwa podzinenera. Wogona m'nyumba, wosamva, mayi wobisa mwana wake waulumali kuopa pakamwa pa anthu, onsewa satchulidwa. Choncho mndandanda wa amfumu, wa mpingo ndi wa alangizi a zaumoyo timauika pamodzi, kenako anthu awiri osakhala achibale a pakhomopo amapita kukaona ndi maso. Mafunso ake ndi ochepa: pakhomo pano mumagona angati, dzulo munadya kangati, amatunga madzi ndani, alipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, nanga muli pa Mtukula Pakhomo? Funso lomalizali si lochotsera munthu m'kaundula ayi, ndi lothandiza kudziwa amene alibiretu pogwira kuti ayambe ndiwo.

Pa chakudya pali zambiri. Kwa inu amene munabweretsa chimanga, zikomo, ndipo zikomo kawiri kwa a zigayo amene anatigayira pamtengo wotsika. Chimanga chosagaya kwa agogo okhala okha si chakudya, chifukwa chimafuna wochisenza kupita kuchigayo ndi ndalama yogayitsira. Mapeto ake amagulitsako mbale ziwiri kuti agayitse imodzi. Timapereka ufa, ndipo timasankha mgaiwa. Ufa woyera ndi wokoma kukamwa, koma pokonola pamachoka gaga ndi mtima wa chimanga momwe muli zambiri zopatsa thanzi, komanso thumba limachepa. Banja la anthu 5 kapena 6 limalandira makilogalamu 50 pamwezi, monga momwe zimakhalira ndi chimanga cha boma cha nyengo ya njala. Koma munthu wokhala yekha sitimupatsa thumba lathunthu. Thumba la makilogalamu 50 likalowa m'nyumba ya nkhalamba, achibale amene sanaoneke chaka chonse amatulukira, ufa wotsala umachita fungo ndi chinyontho cha dzinja, makoswe nawo amatengapo gawo lawo. Makilogalamu 5 sabata iliyonse amafika pamoto onse, ndipo wopititsayo amapeza mpata woona ngati agogowo ali bwino.

Nyemba ndi mphatso yabwino yokhala ndi msampha. Nyemba zogonera chaka zimatha maola atatu pambaula zisanapse, ndipo makala a maola atatu amaposa mtengo wa nyembazo. Kuziviika m'madzi usiku wonse kumachepetsa nthawi kwambiri, koma kwa amene manja amanjenjemera kapena maso achita khungu, bwenzi mutapereka soya pisi, usipa kapena bonya, zopsa msanga. Mafuta ophikira timathira m'mabotolo a theka la lita, chifukwa chigubu cha malita 5 chimathera pamsika. Mchere ndi sopo musazione kuchepa. Ndizo zimene anthu amachita manyazi kupempha.

Amayi amene munkadzuka m'mamawa kukazinga soya wa phala, Mulungu akudalitseni. Muyeso wake ndi uja wa Likuni Phala: mbale 4 za chimanga, mbale imodzi ya soya. Soya amayamba wasankhidwa, n'kukazingidwa pamoto wosalilima mpaka atasanduka wofiirira ndi kununkhira, kenako kupuntha pang'ono ndi kupeta kuti makoko achoke. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi, amatupitsa m'mimba, ndipo mwana akalawa kamodzi safunanso phalalo. Ufa umenewu uli ndi mafuta, sugonera. Gayitsani wokwana masabata awiri kapena atatu basi. Mukafuna kuthiramo nsinjiro, tayani mtedza uliwonse wofota, wakuda kapena wachuku, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchipha poizoni wake. Phalali limathandiza agogo amene mano anatha, odwala amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, ndi ana ovutika kumeza. Mwana wofooka khosi amadyetsedwa atakhala tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, sipuni yaing'ono, osathamanga. Kumudyetsa chagada ndiko kumalowetsa chakudya m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Za matumba osungira tingodutsa mwachangu. Chimanga chogula chotchipa nthawi yokolola chimafuna kuuma bwino chisanasungidwe, ndipo matumba a PICS amapha anankafumbwe popanda mankhwala pokhapokha mapulasitiki onse awiri am'kati ali osabooka ndi omangidwa payekhapayekha. Thumba lisagunde pansi kapena khoma.

Anyamata a kabaza, inu ndiye munachotsa mizere. Kuika nkhalamba pamzere padzuwa kuyambira 7 koloko mpaka masana ndi nkhanza, ngakhale cholinga chikhale chabwino, ndipo wa njinga ya olumala sangakwere chitunda cha ku Bangwe thumba lili pamiyendo. Katundu amapita kunyumba, mwini wake amasayina kapena kudinda chala pamaso pa mnansi mmodzi. Ndalama za pafoni timazigwiritsa ntchito mosamala. Airtel Money ndi Mpamba n'zachangu, koma nambala yachinsinsi ya agogo kawirikawiri imadziwika ndi mdzukulu, ndipo foniyo imakhala m'thumba mwa mdzukuluyo. Pamene pali chikayiko, katundu amaposa ndalama.

Amisiri omanga ndi akalipentala amene munapereka Loweruka lanu, ntchito yanu yaoneka mvula itagwa. Nyumba ya zidina siigwa kuchokera kudenga, imagwa kuchokera pansi: madzi odontha kumalata amamenya tsinde la khoma, njerwa zam'munsi zimafewa, khoma n'kukhala pansi usiku anthu ali mtulo. Mankhwala ake ndi otchipa kuposa malata atsopano. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi otsika m'phiri apatuke, kwezani khonde kuzungulira nyumba, ndipo pakani simenti mizere itatu kapena inayi yam'munsi. Izi zimachitika mu Seputembala ndi Okutobala, osati mvula itayamba.

Chimbudzi ndicho chimene opereka thandizo ambiri amaiwala. Munthu amene mawondo anauma sangathe kunjuta, ndipo ena amachepetsa dala kudya ndi kumwa madzi kuopa ulendo wakuchimbudzi. Mpando wathabwa wobooledwa pakati, wotalika masentimita 45, ndi chogwirira cholimba pakhoma, zimasintha zonsezi ndi matabwa ochepa chabe. Kwa wosaona, chingwe chomangidwa kuchokera pakhomo la nyumba mpaka pachimbudzi chimakwanira. Polowera njinga ya olumala, khomo likhale masentimita 90, ndipo chitunda chokwerera chitsate muyeso wa 1 pa 12: sitepe yotalika masentimita 15 imafuna chokwerera chotalika masentimita 180. Chachifupi kuposa apo chimaoneka bwino pachithunzi koma chimagudubuza munthu chagada.

Pa njinga za olumala tilankhule mosabisa, popeza ambiri mumafuna kupereka zimenezi. Njinga yopinda yakuchipatala ija anaipangira pansi posalala. M'njira za Mbayani kapena Chirimba timatayala take takutsogolo timakodwa m'miyala, mabelingi amadya fumbi, ndipo ikathyoka zipangizo zake sizipezeka. Yoyenera kuno ndi ya matayala atatu, lakutsogolo lalikulu, akumbuyo a njinga yakapalasa, kuti wokonza njinga aliyense pamsika athe kumata chubu ndi kusintha masipoko. Njinga amachita kuyeza ngati nsapato. Ikakula munthu amapendekera mbali imodzi msana n'kupindika. Ikachepa imakhula m'chiuno. Pakati pa mpando ndi kuseri kwa bondo pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, mapazi azifika popondera. Musagule musanafunse akatswiri a kuchipatala cha Kachere chothandiza olumala, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Ndipo njinga yopanda khushoni kwa munthu amene samva kukhudza kumunsi kwa thupi ndi ngozi.

Zilonda zobwera chifukwa chogona kapena kukhala malo amodzi zimapha anthu mwakachetechete, ndipo amayi oyendera odwala m'makomo ndi amene atchinjiriza ambiri chaka chino. Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usiku womwe. Malo oyang'ana tsiku lililonse ndi m'chiuno, kumchira wa msana, zidendene ndi m'mapewa. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho fufuzani malo amene adera kuposa pena, atentha kapena alimba. Pamenepo musasisite, musathire spiriti kapena phulusa. Chotsanipo kulemera mpaka khungu libwerere, ndipo likang'ambika pitani naye kuchipatala. Nsalu yogonera ikhale youma, yopanda makwinya. Pulasitiki woteteza matiresi aziikidwa pansi pa chitenje, osati kugunda khungu. Ndodo zoyendera nazo zimafuna diso: mphira wakunsi ukatha, ndodo imaterereka pasimenti yonyowa, pamene chidutswa cha tayala lakale chikanatha kukonza vutolo.

Amene munapereka ndalama ya thiransipoti mwina munaona ngati mwapereka chinthu chosaoneka. Mankhwala a BP, a shuga ndi a khunyu m'zipatala za boma salipiritsa, koma minibasi imalipiritsa, ndipo wa njinga ya olumala nthawi zambiri amauzidwa kulipirira njingayo mpando wake. Munthu akaphonya tsiku lake, mankhwala amatha. Wa khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi amagwa koopsa kuposa kale, nthawi zina pamoto. Choncho tsiku lobwerera lolembedwa m'buku lakuchipatala timalikopera m'kaundula wathu, ndipo woperekeza amadziwika sabata isanakwane. Ndalama yomweyo yafikitsa agogo a ng'ala kuchipatala cha maso cha Lions ku Gulupu, kumene opaleshoni yaifupi imabweza kuona, ndi makanda obadwa ndi mapazi opindika ku Beit CURE, kumene amawongola ndi pulasitala ngati mwana wafika msanga. Kwa abale athu achialubino, zipewa zakhonde lalikulu ndi malaya a manja aatali amene munasonkha n'zofunika tsiku lililonse, ngakhale kuli mitambo.

Mafumu athu, pali zikomo wina wapadera. Nkhalamba ikayamba kuiwala, kuyenda usiku kapena kulankhula zosamveka, pakamwa pa anthu pamathamangira ufiti. Amenewa ndi matenda a ukalamba, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino kuyambira 1911. Kumene inu munaima nji n'kuletsa nkhani zoterezi zisanakule, agogo agona m'nyumba zawo mwamtendere. Tikuthokozanso alendo amene munamvetsa titakupemphani kuti musajambule. Munthu wolandira ufa sanagulitse nkhope yake, ndipo chithunzi cha mwana kapena cha wodwala sichiikidwa pa Facebook popanda chilolezo cha eni ake.

Malisiti onse ndi kaundula wa ndalama zolowa ndi zotuluka ali kwa msungichuma, ndipo aliyense amene anapereka, ngakhale K500, ali ndi ufulu wowaona. Ndalama siituluka popanda anthu awiri kusayina. Lipoti lonse liwerengedwa pamsonkhano wa mwezi uno pamaso pa mafumu.

Chakudya taimitsa, koma kuyendera odwala ndi kuperekeza anthu kuchipatala kukupitirira. Chisanu cha Juni ndi Julaye, chiperoni chikamawomba, chimavuta okalamba ogona pamphasa, ndiye mabulangete ndi majuzi tiyamba kulandira mu Meyi. Akhale ochapa, osang'ambika. Amene mukufuna kuthandiza pa chimanga cha dzinja likubwerali, nthawi yogula ndi Meyi ndi Juni mitengo isanakwere. Tikusowanso kalipentala wina mmodzi wa mipando yakuchimbudzi, ndi munthu wodziwa chinenero chamanja woti aziyenda ndi a kalembera.

Zikomo kwambiri.

Ife a komiti