Timagulitsa maenvelopu akale ndi masiginecha a baseball

Ine ndi mayi akunyumba tinayamba ndi ma estate sale kuno ku Indiana. Kuno munthu akamwalira ana ake amatsegula nyumba nkugulitsa katundu yense mpaka masupuni, ndiye ife tinkapita kukasaka mipando yoti tikagulitsenso, koma m'makatoni a m'chipinda cha pansi tinkangopezamo maenvelopu osatsegula, chithunzi kumanzere, chidindo cholembedwa First Day of Issue, kutanthauza tsiku loyamba sitampu kutuluka. Baseball sindinkaidziwa olo pang'ono, ine ndi wa Bullets kuyambira ndili mwana. Mdala wina pa card show (msika wa makhadi a osewera) ndi amene anandikhazika pansi nkundiuza kuti achimwene, zomwe mukuponya m'bini muja ndi ndalama.

Envelopu yomwe aliyense amafunsa ndi ya pa 12 June 1939. Tsiku limenelo ku Cooperstown, New York, anatsegulira Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri a baseball, ndipo positi inatulutsa sitampu ya masenti 3 yokumbukira zaka 100 za baseball, pali tianyamata tikusewera pabwalo lafumbi. Babe Ruth analipo, Honus Wagner, Cy Young nawonso. Yopanda siginecha siidula kwenikweni poti anadinda zambirimbiri, koma ikakhala kuti mmodzi mwa akuluakulu amenewa anasainapo, apo ndiye tikukamba madola masauzande, ndipo mbava nazo zimadziwa zimenezi.

Mubizinesi imeneyi amene sawerenga madeti amalira. Munthu wina anatibweretsera envelopu ya sitampu ya Jackie Robinson, siginecha yokongola bwino pansi pake, akuti agogo ake anakumana naye maso ndi maso. Sitampuyo inatuluka 1982, Robinson anamwalira 1972, ndiye anasaina ali kumanda kapena? Mayi akunyumba anangomubwezera mwaulemu, ine kuseka ndinakasekera m'galimoto kkkk. Chimodzimodzi Lou Gehrig, anamwalira 1941 pomwe bolopeni inayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku America 1945, ndiye mukaona Gehrig wa bolopeni musavutike nkuyang'ana kawiri. FBI inachita kukhazikitsa Operation Bullpen, kafukufuku wogwira opanga masiginecha abodza, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa ma feki anali atadzadza msika. Zina si zakuba ayi, kungoti osewera otchuka akatopa ankasiyira anyamata ogwira ntchito ku timu kapena masekeletale kuti aziwasainira, koma mtengo wake ndi ziro basi.

Nchifukwa chake ine ndimakonda mapositikhadi a boma aja. Kale mwana ankatumiza khadi kwa wosewera atalembapo kale adiresi yake, wosewerayo nkusaina kuseri nkuiponya, ndiye imabwera ndi chidindo chosonyeza tauni ndi tsiku. Ukaona kuti timu yake inalidi mu mzinda umenewo sabata imeneyo mtima umakhala pansi.

Phindu lilipo koma limabwera mochedwa. Chinthu chodula nchovuta kugulitsa pa eBay opanda kalata ya PSA kapena JSA, makampani otsimikizira kuti siginecha ndi yeniyeni, ndiye umalipira, kutumiza, kudikira masabata mpamba uli gone, nthawi zina nkubwera yankho loti si yeniyeni. Dzuwa limafufutitsa inki, chinyezi chimabweretsa timadontho tofiirira papepala, choncho katundu yense amakhala m'mapulasitiki ake m'kabati ya kuchipinda, zovala zathu zinasamukira m'masutikesi.

Makasitomala athu ambiri ndi azigogo opuma pantchito, achinyamata amafuna makhadi onyezimira atsopanowa. Pano tikusaka za Negro Leagues, maka chilengezereni MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno, mu 2020 kuti maligi a anthu akuda a 1920 mpaka 1948 nawonso ndi major league. Buck O'Neil anasaina zambiri mpaka kumwalira kwake 2006 ndiye amapezeka pamtengo wabwino, timagula tikangomuona. Josh Gibson anamwalira 1947 ali ndi zaka 35, wake sitinamugwirepo m'manja ndipo atapezeka lero mpamba wathu sungakwane.