Chuni Chotsika Kumwamba Cha M'ma 2 Koloko Usiku

Chimene chinandiika m'madzi ndi pakamwa pangapa. Ndimayimba besi m'kwaya ya mpingo wathu, mzere wakumbuyo kwenikweni, komwe munthu ukaiwala mawu umangong'ung'udza ndipo palibe amadziwa. Kumbuyoko n'komwenso kumakhala akatswiri odandaula. Tsiku lina pa pulakatisi, a kwayamasitala atangoyambitsa nyimbo yomwe ija ya sabata ndi sabata, ndinanong'oneza mnzanga, koma mawu a besi sadziwa kunong'ona: "Baibulo limati muyimbireni Yehova nyimbo yatsopano. Vesi imeneyi ifeyo tinaidumpha bwanji?"

A kwayamasitala anatsitsa manja pang'onopang'ono n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Salmo 96, vesi yoyamba. Mwawerenga bwino, achimwene. Pa mapemphero a chiyamiko tikufuna nyimbo yatsopano. Mulemba ndinu."

Ndikanatha kunena kuti ndimangocheza. Koma kwaya yonse inawomba m'manja, ndipo munthu akakuwombera m'manja nzeru zimapita kukapuma. Ndinavomera, mpaka kuwerama pang'ono.

Kunyumba ndinafufuza pa intaneti za anthu olemba nyimbo za m'tchalitchi, ndipo zimene ndinapeza zinangondithira mafuta. Amati Isaac Watts, wobadwa mu 1674 ku Southampton, anayamba chimodzimodzi: ali mnyamata anadandaula za kayimbidwe ka masalmo, bambo ake n'kumuuza kuti alembe yekha zabwino kuposa pamenepo, ndipo anadzalemba nyimbo pafupifupi 750. Charles Wesley analemba zoposa 6,000. Fanny Crosby, amene anali wosaona, zoposa 8,000. Ndinadzifunsa kuti imodzi yokha ingandikanike bwanji ine wa maso awiri, ndi magalasi omwe.

Mawu sanavute, ndipo vuto linali pomwepo. Ndinkaopa kuti ndikasiya nkhani ina ya m'Baibulo, wina mumpingo adzati sindidziwa Malemba. Ndiye ndinayambira pa Adamu. Nowa analowa ndi chingalawa chake, Yosefe ndi malaya ake, Yona ndi chinsomba. Pofika ku Chivumbulutso ndinali ndi ndime 14 ndi kolasi yobwereza pakati pa ndime iliyonse. Ndinawerengera akazi anga zonse, nditaimirira, dzanja limodzi pachifuwa.

"Bambo," anatero nditamaliza, "imeneyi ndi nyimbo kapena ulaliki?"

Ndinawakumbutsa kuti Salmo 119 lili ndi mavesi 176. Iwo anandikumbutsa kuti Salmo 117 lili ndi awiri okha, ndipo nalonso lili m'Baibulo lomwelo. Ndinaona kuti si anthu onse amene anapatsidwa mphatso yomvetsa zinthu zozama.

Chuni ndicho chinandizunza. Ndinkang'ung'udza panjira, kuntchito, posamba, koma chilichonse chimene chinkatuluka chinkathera m'nyimbo ya m'buku imene ndinkaithawa ija. Kenako usiku wina, cha m'ma 2 koloko, ndinadzidzimuka chuni chili m'mutu, chathunthu, chokoma, chokhala ndi poyambira ndi pothera. Chinalinso ndi kampata pamapeto pa kolasi, kamphindi kachete, kamene ndinazindikira nthawi yomweyo kuti ndi kosinkhasinkhira. Ndinanyamula foni n'kunyang'ama kupita kubafa kuti ndichijambule chisanathawe. Ndili mkati moyimba chapansipansi, ndinamva kugogoda.

"Mukuyankhula ndi ndani kubafa usiku uno?"

"Ndikulandira nyimbo, mayi."

"Pa foni?"

"Yachokera kumwamba."

Panapita kanthawi. Kenako ndinamva masilipasi akubwerera kuchipinda.

Pa pulakatisi yotsatira a kwayamasitala anatenga mapepala anga n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Anatsegula buku la nyimbo n'kundionetsa timanambala timene timalembedwa pamwamba pa nyimbo zina, monga 8.6.8.6. Zaka zonsezi ine ndinkaganiza kuti ndi za anthu osindikiza mabuku. Ayi ndithu, ndi chiwerengero cha maphatikizo pa mzere uliwonse: mzere woyamba asanu ndi atatu, wachiwiri asanu ndi limodzi, ndipo ndime zonse ziyenera kutsata zomwezo kuti chuni chimodzi chizikwanira paliponse. Ndime yanga yoyamba inali yomvera lamulo mwangozi. Koma m'ndime ya ng'anjo ya moto, Nebukadinezara yekha anali atadya maphatikizo 7 pa mzere wa 8, ndipo pa mzere wa 6 ndinali nditapanikizapo Sadrake, Mesaki ndi Abedinego, amene amafuna 12.

"Anyamata atatuwa adzadutsa bwanji apa?" anafunsa.

"Adzathamanga," ndinayankha.

Ananenanso za kukwera kwa chuni. Anati mpingo si kwaya: muli agogo, muli ana, muli abambo amene amayimba kamodzi pa sabata, ndipo ambiri amamasuka kuchokera pa do kufika pa do wapamwamba, mwina kuwonjezera pang'ono. Changa chinkayambira pa so wapansi n'kukwera mpaka pa mi wapamwamba, n'kukhazikika pomwepo nthawi yaitali. Anatchula 1 Akorinto 14:15, pamene Paulo akunena zoyimba ndi mzimu komanso ndi chidziwitso. Anatchulanso malangizo a kayimbidwe amene John Wesley analemba mu 1761, mmene muli lakuti munthu asamakuwe mpaka kumveka pamwamba pa mpingo wonse. Pamenepa anandiyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa yofunika. Ndinalola kuti ndime zitsike kufika pa 9. Koma mi uja ndinakana kumugwira, chifukwa m'pamene panali ulemerero wonse.

Tinkayeserera mwapang'onopang'ono, mwaulemu, nkhope zili zii. Kolasi yake inali yakuti, "Achotsa zonse, achotsa zonse, palibe tchimo lotsala," kenako kachete kaja. Chodabwitsa n'chakuti kwaya, imene imatenga milungu kuti igwire nyimbo yatsopano, inagwira kolasiyi ulendo woyamba. Mnyamata wa kiyibodi anasiya kuyimba n'kukanda m'mutu.

"Ankolo, chuni chimenechi ndinachimvapo penapake."

"Zakumwamba zimamveka choncho, mwana wanga," ndinamuuza mokoma mtima. "Mtima umazizindikira."

Tsiku la chiyamiko tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'makomo. Ana a Sande sukulu anawakhazika kutsogolo, pafupi ndi guwa. Abusa analengeza kuti lero Ambuye atipatsa nyimbo yatsopano kudzera mwa mmodzi wa ife, ndipo ananditchula dzina ndi la bambo anga lomwe. Anandipatsa maikolofoni, chinthu chimene munthu wa mzere wakumbuyo sayenera kupatsidwa popanda kumuchenjeza.

Mnyamata uja anandipatsa kiyi. Sindinaimve. Chimene ndinkamva chinali mtima wanga wokha, ndipo ndinayamba pamwamba pa pomwe tinagwirizana, komanso mothamanga kawiri kuposa pa pulakatisi. Mnyamatayo anayamba kundisakasaka pa kiyibodi, akudina batani lokwezera kiyi, mpaka anandipeza. Poona liwiro langa, anaganiza kuti ndasintha maganizo, ndiye anayatsa ng'oma za m'kiyibodimo, zija zodumphitsa. Adamu ndi Hava anatuluka m'munda wa Edene ali pa liwiro.

Tinafika pa kolasi. Chuni chikamayimbidwa mwapang'onopang'ono chimavala jekete, munthu osachizindikira. Chikathamanga chimavula. Ndinaona kamtsikana kena ka mzere woyamba, ka diresi yachikasu, kakutukula mutu, maso ake akuwala ndi chimwemwe cha munthu amene wakumana ndi mnzake wakale. Kanagunda mnzake ndi chigongono. Ine mumtima ndinati, taonani, ngakhale makanda alandira.

Pa kolasi yachiwiri ana onse anaimirira okha, popanda wowauza, n'kuyimba ndi mphamvu zimene sindinazionepo pa nyimbo iliyonse ya m'buku:

"Apha zonse, apha zonse, palibe mphemvu yotsala!"

Ndipo pa kachete kanga kosinkhasinkhira kaja, ana onse pamodzi anakweza dzanja lamanja, chala pamwamba pa chitini chosaoneka, n'kunena kuti: "Psii! Psii!"

Zinagwera pamalo pake penipeni. Sipanatsale mpata ngakhale wa mpweya. Kachete kaja kanali kopangidwira zimenezo.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinaganiza kuti ndikakweza mawu ndiwaphimba. Ndinalowa m'ndime ya Nowa mwaukali. Kumbali ya amayi mitu inali itawerama, mapewa akugwedezeka. Ndinayang'ana kuguwa ndipo abusa anali ataphimba nkhope ndi Baibulo lotsegula, thupi lonse likunjenjemera, ndipo kwa kamphindi ndinakhulupirira kuti akulira. Mkulu wina wa mpingo, amene makutu ake anayamba kale kupuma pa ntchito, anaona ana akweza manja, naye anakweza lake n'kufuula "Ameni!" pa nthawi yeniyeni ya "Psii" wachiwiri. Apa ndiye aluto onse anagwa. Wina anatuluka panja atatseka pakamwa ndi mpango.

Kwaya inkachepa ndime ndi ndime. Pofika pa ng'anjo ya moto tinatsala atatu: ine, a kwayamasitala amene ankayimba maso ali kudenga, ndi tenala wina wokhulupirika amene sanamvetse chimene chikuchitika mpaka madzulo. Nebukadinezara anadutsa movutikira. Sadrake anadutsa, Mesaki anapunthwa, Abedinego sanafike n'komwe. Kenako panabwera mi uja, amene chifukwa cha kiyi yanga yatsopano anali atakwera kufika kumene munthu wa besi alibe chilolezo chopitako. Ndinatseka maso n'kumulumphira. Chimene chinatuluka m'masipika chinali ngati mbuzi imene ikukokedwa pa chingwe kupita kumene sikufuna. Khanda lina kumbuyo linayamba kulira.

A kwayamasitala anakunga chibakera m'mwamba, chizindikiro chathu chothetsera nyimbo. Kiyibodi inaima, koma mnyamata uja anaiwala kuzimitsa ng'oma, ndiye zinapitiriza zokha kudumphadumpha m'tchalitchi mwa zii. Abusa anaimirira, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Anamwa madzi. Kenako anati, "Tiyeni tipemphere," ndipo panapita nthawi yaitali ndithu pempherolo lisanayambe.

Titatuluka, mnyamata wa kiyibodi anandikokera kuseri n'kundiyimbira pa foni yake. Kanali kanyimbo kotsatsa mankhwala opopera tizilombo, kamene kamamveka pa wailesi m'mawa uliwonse, nthawi yomwe ine ndimameta ndevu. Noti iliyonse inali yanga, kapena kunena zoona, yanga iliyonse inali yawo. Pofuna kunditonthoza anandiuza kuti zimachitikira ngakhale akuluakulu: mu 1976 khoti la ku New York linapeza kuti George Harrison, wa gulu la Beatles, anatengera chuni cha nyimbo ya ena mosazindikira, ubongo utachisunga n'kuchibweza ngati chake. Ndinamufunsa ngati chake chinalinso cha mphemvu. Anati ayi.

Panjira yobwerera akazi anga sanaseke, ndipo ndikuwalemekeza chifukwa cha zimenezo, pakuti ndinkaona khosi lawo likugwira ntchito yaikulu. Ndinawafunsa ngati sanachizindikire chunicho m'masiku onse amene ndinkachiyimba m'nyumba.

"Ndinachizindikira usiku womwe uja," anatero. "Ndinkaganiza kuti mwaona mphemvu kubafako."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munati yachokera kumwamba, bambo. Ine ndine ndani?"

A kwayamasitala sanataye zonse. Anatola mizere inayi ya m'ndime ina, yokhayo imene inalibe dzina la munthu aliyense, anaidula mpaka kukwana 8.6.8.6, n'kuiika pa chuni chawo chofatsa chimene agogo amachifika osaimirira pa zala. Timaiyimba nthawi ya chopereka. Ilibe kachete paliponse. Iwo anaonetsetsa zimenezo. Ine ndinabwerera ku mzere wakumbuyo, ndipo ana a Sande sukulu amandipatsa moni mwaulemu wonse, kupatula kuti dzanja lamanja limakhala lokwezeka pang'ono.

Patapita milungu ingapo abusa analalikira kuchokera pa Eksodo 8, za miliri ya ku Igupto. Anafotokoza za achule m'zipinda zogona ndi m'mauvuni, za nsabwe pa anthu ndi pa ziweto, za tizilombo touluka todzaza nyumba ya Farao. Ulaliki unagwira moto. Anamenya guwa n'kufunsa mpingo mokweza, funso lija losafuna yankho:

"Abale ndi alongo, ndani akanatha kuzichotsa zonsezi?"

Kuchokera ku mabenchi a ana kunamveka kamawu kamodzi, kakang'ono koma kotsimikiza: "Psii! Psii!"

Tchalitchi chonse chinatembenuka kuyang'ana mzere wa besi.