Mmene ndinadutsira chemistry ya semesita yachiwiri

Anzanga ambiri ankaona chemistry ya semesita yachiwiri ngati mitu yambirimbiri yosagwirizana. Ine ndinasankha kumangirira zonse pa mutu umodzi, equilibrium (pamene reaction yopita kutsogolo ndi yobwerera m'mbuyo zikuyenda pa liwiro lofanana), ndipo nkhani inapepuka.

Tinayamba ndi kinetics, mutu wa liwiro la ma reaction. Apa sindinachedwepo: ndinaphunzira kupeza order (mmene liwirolo limadalira kuchuluka kwa zinthu zolowa mu reaction) kuchokera pa zotsatira za mu labu, ndi kudziwa kuti half-life (nthawi imene imatenga kuti chinthu chitsale theka) ya first order sidalira kuchuluka kwa zomwe wayamba nazo. N'chifukwa chake carbon-14, amene half-life yake ndi zaka pafupifupi 5,730, amathandiza kudziwa zaka za mafupa akale. Mutu wa nuclear ukamabwera kumapeto, masamu ake amakhala omwewa.

Pa equilibrium ndiye ndinakhazikikapo. Tebulo la ICE (Initial, Change, Equilibrium: kuchuluka koyambira, kusintha kwake, ndi kuchuluka pa equilibrium) ndinkalilemba pa funso lililonse, ngakhale losavuta, mpaka dzanja linazolowera. Lamulo la Le Chatelier, lakuti ukasokoneza equilibrium imasunthira mbali yochepetsa kusokonezako, linandilowa m'mutu kudzera pa njira ya Haber yopangira ammonia, yemwe amapangira feteleza wa urea amene timathira m'chimanga. Reaction imeneyi imatulutsa kutentha, kotero kuizizitsa kukanapereka ammonia wambiri, koma ikanayenda mwaulesi kwambiri. Ndiye mafakitale amagwiritsa ntchito madigiri pafupifupi 450, pressure yaikulu, ndi catalyst ya chitsulo. Catalyst sisintha K (nambala yosonyeza pamene equilibrium imaima), imangofulumizitsa ulendo. Aphunzitsi amakonda kutchera msampha pamenepa.

Ma acid, ma base, buffer (madzi osalola pH kusintha msanga) ndi Ksp (K ya kusungunuka kwa mchere) ndi equilibrium yomweyo itangosintha malaya. Ndinaloweza kuti Kw (K ya madzi) ndi 1.0 × 10⁻¹⁴ pa madigiri 25, komanso kuti pa titration ya acetic acid ndi NaOH (kuthira NaOH pang'onopang'ono mu acid), ukafika theka la njira yopita ku equivalence point (pamene NaOH wathetsa acid yense), pH imafanana ndi pKa (nambala yosonyeza mphamvu ya acid), pafupifupi 4.76.

Thermodynamics ndi electrochemistry zimalumikizidwa ndi mizere iwiri yokha: ΔG° = −RT ln K ndi ΔG° = −nFE°. Ukadziwa chimodzi mwa K, ΔG° (kusintha kwa free energy) ndi E° (voltage ya selo), zinazo uzipeza. Selo ya zinc ndi copper imapereka 1.10 V, ndipo ndinkayeserera pa iyoyo. Chenjerani ndi ma unit: ΔH (kutentha kwa reaction) nthawi zambiri imabwera mu kJ, pomwe ΔS (kusintha kwa entropy) ndi R, yemwe ndi 8.314, zili mu J. Mamalikisi ambiri amathera pomwepa, osati pa nzeru.

Zowerengera sizinandidyere ndalama. Buku la Chemistry 2e la OpenStax, la ku Rice University, ndi laulere, ndipo ndinalikopera pa Wi-Fi ya pasukulu kuti bando isathe. Makanema a Khan Academy ndinkaonera pokhapokha pamene bukulo landisokoneza, chifukwa kuonera kumanyenga, umangodziona ngati wamva. Mayeso akale a kosi yathu ndinkawalemba nditatseka buku, wotchi ili patebulo, kenako funso lililonse lomwe landikanika ndinkapita nalo kwa aphunzitsi m'sabata yomweyo.