Kutsuka kunja kwa makegi a mowa

Makegi (migolo yachitsulo yosungiramo mowa) akabwerako kumabala a ku Soweto kapena Alexandra, ku Johannesburg, amakhala ndi fumbi, matope ndi mowa wouma. Tsukani kunja kaye musanatsuke mkati, apo ayi zinyalalazo zimalowa m'makina otsukira mkati.

Madzi akhale otentha madigiri 60 mpaka 70, muthiremo caustic soda magalamu 10 mpaka 20 pa lita imodzi. Zomata zakale zimafewa n'kumatuka. Litsiro limabisala kwambiri mu mkombero wapansi ndi mozungulira valavu, ndipo pamenepo pamafunika bulashi ya nayiloni. Sitiliwulo ayi ndithu: imasiya tizidutswa tachitsulo timene timadzachita dzimbiri. Jik nayenso amadya chitsulo cha kegi pang'onopang'ono mpaka kusiya timaenje.

Valani magolovesi ndi magalasi, caustic imawotcha khungu. Mukatha tsukuluzani ndi madzi oyera, kegi iume isanakadzazidwe.