Matope, chimanga ndi huta panjanji yakale ya ku Limbe

Ndimayang'anira kagulu ka anthu okonza njanji, ndipo dera lathu likuyambira ku Limbe, kutsikira ku Blantyre, mpaka cha ku Lirangwe. Abale kumudzi amaganiza kuti ntchito yathu ndi kumangitsa mabawuti basi. Timamangitsadi, koma February akafika mabawuti amayamba adikira. Chimene chimatisowetsa tulo ndi malo amene msewu umadutsa panjanji, chifukwa mvula imakokololera matope pomwepo, udzu umene tatchetcha umakhala wabwerera kale, ndipo chimanga cha anthu chimakhala chitapitirira mutu wa munthu.

Lolemba tinalawirira podutsira pena pamsewu wafumbi, pomwe malole a mchenga ndi njerwa amadutsa tsiku lonse. Gudumu la sitima lili ndi mlomo cha mkati, wotsika pansi pang'ono, ndipo mlomo umenewu ndi umene umaletsa sitima kuchoka panjanji. Choncho pamene msewu wafika mulingo umodzi ndi njanji, pamasiyidwa kangalande kotsata chitsulocho kuti mlomo uja uzidutsamo. Mvula ikagwa kangalandeka kamadzaza dothi, malole amalipondereza, dzuwa likawala maola ochepa limauma gwa. Gudumu likapeza dothi lolimba chotero limakwera pamwamba pake, ndipo bogi yopanda katundu, poti ndi yopepuka, ikhoza kuphonya njanji n'kugwera kumbali.

Ntchito imeneyi ilibe makina. Ndi piki, fosholo, ndi kachitsulo kopinda kumapeto komwe tinasulitsa tokha. Umagwada n'kumakokera kunja pang'onopang'ono: dothi lofiira, zitsononkho za chimanga chootcha, timapepala ta mayunitsi, zitsekerero za mabotolo, ndi miyala ya kwale yokanirira moti imafuna hamala. Uku ukukumba, uku akabaza ndi a malole akukuimbira huta kumsana, ati ukuwachedwetsa. Tikamaliza ndimaika geji, chipangizo choyezera mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Pakati pa zitsulo ziwirizi payenera kukhala mamilimita 1,067, muyeso umodzi kuchoka kuno mpaka ku Nacala, womwenso amagwiritsa ntchito ku Zambia ndi ku South Africa. Podutsira ndi pamene muyesowu umasokonekera msanga, chifukwa madzi amakhazikika pansi pomwe sitikuona n'kumafewetsa nthaka.

Njanji yathuyi ndi yakale, ndipo ukalewo uli ndi mbali yake pa nkhani ya ngozi. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, ndipo chigawo chopitirira kumpoto chinakafika ku Salima mu 1935. Amene anailambula ankazemba mapiri ndi zigwa pokhotakhota, popeza kuboola phiri kunali kodula ndipo injini za malasha sizikanakwera mtunda woimirira. Nthawi imeneyo m'mbali mwa njanji munali tchire ndi minda, galimoto zinali zowerengeka. Lero makona ndi omwe aja, koma m'kati mwake mwadzaza nyumba, mipanda ya njerwa, maokala ndi matchalitchi. Woyendetsa sitima amatulukira pakona n'kupeza msewu uli pamphuno.

Lachiwiri linali la chimanga, tsiku limene sindilikonda chaka chilichonse. Ndili ndi kayesedwe kanga. Ndimanjuta pamalo amene galimoto imaima, maso anga ali pamulingo wa munthu wokhala pachiwongolero, kenako ndimatuma mnyamata mmodzi kuti ayende panjanji atatukula mbendera. Pamene mbendera yabisika, ndi pomwe dalaivala amalekezera kuona. Pamalo ena mnyamatayo anangoyenda pang'ono, mbendera n'kumira m'ngayaye.

Mwini munda anali mayi wachikulire, ndipo tinapitako ndi a mfumu a m'deralo, chifukwa kufika wekha ndi chikwanje pamunda wa munthu mwezi wa njala n'kuputa mlandu.

"Amayi, tabwera ndi pempho, si mlandu ayi," ndinatero titapatsana moni. "Mizere ya pakona apa ikubisa sitima."

"Bambo, sitima yake iti? Yodutsa ikafunayi? Ine ndinayamba kulima pano ana anga onse asanabadwe, sinagundepo munthu."

"Zoona, amayi. Koma kalelo pano sipankadutsa njinga zamoto."

Anakhala chete akuyang'ana chimanga chawo, chomwe chinali chitabereka bwino ndi feteleza wogula modula. Malowo ndi a njanji, lamulo lili kumbali yathu, ndipo iwo akudziwa. Koma ukabwera ndi lamulo lokha, chaka chamawa amadzala pomwepo, ndipo ulendo umenewo sakupatsanso moni. Tinagwirizana kuti tidule mizere ya pakona yokha, iwo athyolemo chomwe chafika pootcha, ndipo dzinja likubwerali pakonapo adzadzale mbatata kapena nyemba, zomwe sizitalika. A mfumu anachitira umboni.

Mayiwa sali okha pofunsa kuti sitima yake iti. Pitani ku Nkaya kapena ku Liwonde, komwe kumadutsa sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala. Kumeneko sitima ndi zazitali, mabogi oposa 100, zodutsa usana ndi usiku. Ngozi zimachitika nakonso, koma palibe amene angakuuzeni kuti njanjiyo inafa. Kwathu kuno sitima imabwera mwa apo ndi apo, komanso imayenda mofatsa, ndipo ziwirizi ndi zimene zimapusitsa anthu. Munthu akawoloka m'mawa ndi madzulo nthawi yaitali osakumana nayo, khosi limaleka kutembenuka lokha. Tsiku limene waiona ikubwera, poti ndi chinthu chachikulu, maso amamunamiza kuti ikukwawa ndipo ikadali kutali.

Lachitatu ndinakwera kumutu kwa sitima ya katundu yonyamuka ku Limbe. Ndimachita zimenezi nthawi ndi nthawi, chifukwa pali zina zomwe woyenda pansi saziona. Limbe ili pamtunda, ndipo njanji imatsetsereka kulowera ku Blantyre, n'kupitirira kutsika mpaka kumtsinje wa Shire. M'mawawo kunali kamvula kowaza, njanji ili nyezinyezi. Dalaivala, bambo wofatsa amene wakhala pampandowo zaka zambiri, dzanja lake silinachoke pabuleki.

Ngozi ikachitika anthu amafunsa kuti bwanji sanaime, poti munthuyo anamuona. Gudumu lachitsulo limakhudza njanji pa kamalo kochepa ngati kandalama kachitsulo, ndipo pa timalo timeneti ndi pamene pagona mphamvu yonse yoimitsira matani mazanamazana. Njanji ikanyowa kugwirako kumachepanso, n'chifukwa chake injini imakhala ndi mabokosi a mchenga womwe imathira kutsogolo kwa magudumu. Buleki nayo siigwira paliponse nthawi imodzi. Imayambira kumutu n'kumafika bogi ndi bogi mpaka kumchira, ndipo m'kanthawi kameneko a kumbuyo amakhala akukankhabe. Sitima yolemera pamtsetse imatha kuyenda mamita mazana angapo dalaivala atamanga kale zonse. Chiwongolero ilibe. Chomwe chimamutsalira ndi huta.

Pamtunda waufupi womwewo tinapeza mtsikana akuyenda pakati pa njanji, msana uli kwa ife, mahedifoni m'makutu. Huta inalira mpaka mayi wina wogulitsa tomato anathamanga kukamukoka. Patsogolo pake wakabaza, atanyamula munthu ndi thumba la makala, anaona mbendera yofiira ya mlonda wa podutsira n'kumuzungulira kumbuyo. Anawoloka, inde, ndipo mawa adzayesanso poti lero zatheka. Dalaivala sanatukwane. Anangoti, "A Kapitawo, amene sanatione timamudzidzimutsa ndi huta, amalumpha. Wovuta ndi uyu wationa n'kuyamba kuwerengera."

Lachinayi tinapeza chikwangwani cha mtanda wopingasa, chochenjeza anthu za sitima podutsira, chitadulidwa patsinde ndi sowo, chitapita. Zitsulo za njanji zili ndi msika, ena amakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ena amasulira zipangizo. Ndinalemba lipoti, tinaimika chongoyembekezera cha thabwa, kenako mvula inatithamangitsira pakhonde la madala ena omwe anapuma ntchito ya njanji kalekale.

Madalawa anayamba ali mnyamata, akuthira malasha m'ng'anjo ya injini za nthunzi, ndipo nkhani zawo sizitha. Anyamata a m'gulu langa injini zotere anangoziona zitaima. Thistle ili pasiteshoni ya Limbe, inzake Shamrock ili kumalo osungirako zinthu zakale ku Chichiri, zonse ziwiri zopangidwa ndi kampani ya Bagnall ku Stafford, ku England. Ndi zazing'ono, koma ndi zimene zinayamba ntchito panjanjiyi. Madalawo amati injini ya malasha inkadzilengeza yokha. Utsi unkaoneka isanatulukire pakona, ndipo ikamakwera mtunda kupuma kwake kunkamveka mudzi wonse, pomwe ya dizilo ikamatsika mtsetse imabwera chamumtima, makamaka mphepo ikamawombera kwina. Anasimbanso za timabomba tating'ono tomwe ankamangirira pamwamba pa njanji kutsogolo kukakhala vuto. Gudumu likafikapo kabombako kankaphulika, dalaivala n'kudziwa zoti aime, ngakhale kunja kuli nkhungu ya chiperoni.

Pa zoti kale zonse zinali bwino, pamenepo ine ndimasiyana nawo. Kalelo dalaivala akachoka pasiteshoni analibe wailesi, ndipo uthenga woti njira yatsekeka unkamupeza ndi miyendo ya munthu. Koma pa mfundo imodzi sindiwatsutsa. Iwo anaphunzitsidwa kuti ukapeza chotchinga panjanji usayambe ndi kuchichotsa, yamba ndi kuimitsa sitima, ndipo nafe timaphunzitsa zomwezo.

Lachisanu masana tinali chapafupi ndi podutsira pena tikutsegula kalavati pamene tinamva phokoso la anthu. Lole yodzaza mchenga inali itazima pakati penipeni pa njanji, matayala akutsogolo atawoloka, akumbuyo atalowa m'dzenje lomwe madzi anakumba usiku m'mphepete mwa chitsulo. Anthu anali atasonkhana kale, ena akukankha, ena akuponya miyala pansi pa matayala, anyamata ali pamwamba akukhuthula mchenga ndi mafosholo. Aliyense maso ali palole. Panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana komwe njanji ikuchokera, chonsecho ine ndinkadziwa kuti sitima ya katundu inali itanyamuka kale.

Ndinatuma anyamata ndi mbendera zofiira, wina uku wina uko, ndi mawu oti athamange osaima mpaka apitirire pakona. Mbendera yoimikidwa pafupi ndi lole ilibe ntchito, chifukwa dalaivala wa sitima akamaiona amakhala atachedwa kale. Ndipo timatchinga mbali zonse ziwiri ngakhale tikudziwa komwe sitima ikuchokera, poti kangolo ka anzathu oyendera njanji kakhoza kutulukira mbali inayo. Ine ndinaitana pawailesi ofesi yoyendetsa sitima n'kutchula kilomita yeniyeni. Tizikwangwani ta makilomita tija, tomwe anthu amayanikapo zovala, ntchito yake ndi imeneyi. Kunena kuti pafupi ndi chigayo sikumuthandiza munthu amene ali muofesi.

Dalaivala wa lole anali akupotokolabe kiyi, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, tsikani."

"Bwana, kamodzi kokha, ilira. Galimotoyi ndi ya eni ake, andimanga ine."

"Tsikani kaye. Za eni ake tikambirana muli pansi."

Anatsika akunjenjemera. Ndinachotsa anthu onse n'kuwaimika kutali ndi njanji, cha kumbali komwe sitima inkachokera. Ambiri amathawira kutsogolo komwe sitima ikulowera, osadziwa kuti ikagunda, zitsulo ndi katundu yense zimaulukira komweko.

Wailesi inayankha kuti dalaivala wa sitima wamva. Patapita kanthawi tinamva huta chapatali, kenako phokoso la mabogi akugundana motsatizana pamene sitima inkaima kuseri kwa kona, chapafupi ndi mnyamata wa mbendera uja. Apo m'pamene ndinalola kuti ayambirenso kukhuthula mchenga. Lole ina inabwera ndi tcheni n'kuikoka chobwerera. Anthu anaombera m'manja ati njira yatseguka, ena n'kuyamba kundifunsa chomwe ndikuchedwera. Lole ikakanirira chotero imatha kukankha njanji kapena kuthyola zomangira, ndiye ndinagwadanso ndi geji, anyamata anachotsa mchenga womwe unadzaza m'kangalande, ndipo sitima inadutsa pa liwiro la munthu woyenda pansi, ine ndikuyang'ana gudumu lililonse mpaka bogi yomaliza.

Loweruka timagwira theka la tsiku, ndipo lonse linathera padzenje lija. Tinakumba ngalande yopatutsa madzi ochokera kumtunda kwa msewu, tinathira kwale n'kutsendera. Mwini lole anatumiza miyala osalipiritsa, kaya poopa mlandu kaya pothokoza, sindinafunse. Chikwangwani chatsopano ndapempha kuti chidzabwere ndi nsanamira ya simenti, popeza simenti yogumula ilibe wogula. Lolemba tikupita cha ku Lirangwe, komwe madalaivala adandaula kuti nthambi za mango zikubisa chikwangwani chowauza poyambira kuliza huta. Ndamva kale kuti mwini mtengowo salankhulika, ndiye mawa tikatuluka m'tchalitchi ndidzera kaye kwa a mfumu akumeneko.