Zikomo inu amene munandigwira dzanja thupi likutsika

Lero ndavala buluku la pa ukwati wathu, ndipo batani lalowa popanda kubweza mimba. Ndiye ndati ndithokoze poyera.

Chaka chatha anesi atandiyeza BP, anatenga tepi ngati ya atelala n'kundizunguliza pamimba. Inakwana masentimita 104. Anati pamimba pasamapitirire theka la msinkhu wa munthu, choncho ine wa masentimita 172 ndimayenera kukhala pansi pa 86. Zikomo anesi poti simunandikalipire. Munangolemba manambala awiriwo m'buku langa la kuchipatala.

Mayi a ana, mtolo waukulu munasenza ndinu. Mafuta munasiya kukhuthula m'botolo, munayamba kuyeza, titamva kuti supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120. Mitanda itatu ya nsima ija inasanduka iwiri, bonongwe ndi nyemba n'kudzaza mbale. Ndinkang'ung'udza, sindikana, mwinanso osayankhula mpaka kogona. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, ndiye ukamadya mopereweza 500 patsiku umatsika pafupifupi theka la kilo pamlungu. Kuchedwa kwake kumatopetsa.

Mwezi wachinayi sikelo inangoti njo, milungu itatu osasuntha. Fungo la chipisi cha pachiwaya linayamba kundiitana. Anandibweza ndi atelala a pakhonde, amene ndinawapatsa buluku loti apinde. Atandiyeza anaseka, amvekere sikelo imawerengera ndi madzi omwe, ngakhale nsima ya dzulo, koma tepi yawo ikuti masentimita atatu apita. Achimwene, kuseka kwanu kuja kunandilimbitsa.

Azakhali, inunso zikomo. Pamaliro paja munandikokera kuseri kwa nyumba, n'kundifunsa chapansipansi ngati ndayezetsa magazi. Ena ankangonong'onezana, inu munabwera kwa mwini wake. Sindinakwiye ngakhale pang'ono. Munaona abale akutha thupi m'zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanafike mu 2004, ndiye kwa inu kuwonda si nkhani yosekera. Zotsatira ndinakuonetsani, tinapemphera limodzi, koma mumandipakulirabe mtanda wachitatu.

Anzanga okwera nawo phiri la Soche, munkandidikira ndikupuma wefuwefu pamwala uliwonse. M'mawa uno tepi yati 88. Atsala masentimita awiri, ndiye Loweruka pa 5 koloko mundipeza m'munsi muja.